Kabuku Kofiira

Ine ndine wa kabuku, Abusa,
kabuku kofiira kamene munandipatsa nokha
chaka chija mphepo inasasula denga la tchalitchi ku Chinsapo.
Munati, "Nangozo, uzilemba chilichonse,
ngakhale kobiri logwera pansi pa benchi."
Ndinamvera. Ndinalemba.

Ndinalemba mazana asanu a Nankhoma
onunkha utsi wa mbaula ya zitumbuwa,
chikwi cha mnyamata wa kabaza
chonyowa ndi thukuta la msewu wa ku Likuni,
ndi za a Dzoole, zimene amazipinda kanayi
kuti woyandikana nawo asaone.
Zonse pa mutu umodzi: Malata.

Ndiye Lachiwiri lija munandipeza pa benchi yanga ya tomato
kumsika wa m'mbali mwa mtsinje wa Lilongwe.
Munagula mulu umodzi osanenerera,
n'kunena chapansipansi, maso ali ku mlatho:
"Zija ndinatenga zija, mulembe kuti zosiyanasiyana."

Zosiyanasiyana.
Liwu lotambalala ngati chitenje,
lofunditsa matayala anayi a galimoto yanu
ndi ulendo wa ku Dedza umene mpingo sunakutumeni.

Ndinati, "Cholembera changa sichilidziwa liwu limenelo."
Munaseka, koma kuseka kwa mano okha.
Lamulungu lake ulaliki unali wa kumvera.
Munatchula nkhosa zouma makosi,
munatchula onyoza odzozedwa,
ndipo amayi a kwaya anatembenuka onse
kundiyang'ana ngati ndavala duku lakuba.

Usiku umenewo magetsi anathima.
Ndinakhala ndi kandulo ndi kabuku
ndikudzifunsa kuti kumvera n'kutani.
Ndakumverani pa kusala kudya, pa kusesa,
pa maliro a kutali opanda thiransipoti.
Ndinakumverani mutati ndikhululukire mlamu wanga
pa nkhani ya poloti ya ku Mtandire,
mtima ukukana, mano ndikukukuta.
Koma amene anakuikani pa guwa
ndi yemweyo anandiika pa mizere ya manambalayi,
ndipo tsiku lowerengera sadzayang'ana kolala,
adzatsegula tsamba.
Mbusa nayenso ali ndi mwini khola.

Ndinalemba: Abusa Kachingwe, zikwi mazana atatu, sanabweze.
Dzanja linanjenjemera, chilembo choyamba chinapendama.

Masabata atatu simunandipatse moni.
Mvula yoyamba inatipeza tili pakati pa pemphero,
inadonthera ana, inadonthera ng'oma,
inadontheranso Buku lanu lotsegula,
inu n'kulisuntha, n'kulisunthanso,
mpaka munasowa poliika.
Palibe anatsokomola.
Madontho okha m'beseni, tho, tho, tho,
ngati wina akuwerenga ndalama.

Lachinayi m'mamawa ndinamva odi.
Munabwera pa kabaza, opanda tayi,
nsapato zili matope okhaokha,
m'manja envulopu yopyapyala.
"Ndi theka," munatero. "Wailesi ndi suti ija ndagulitsa.
Zotsalazo mulembe ngongole, pa dzina langa,
ndipo Loweruka mukawerenge pamaso pa akulu a mpingo.
Ine ndidzakhala benchi ya kumbuyo."

Ndinasowa poyang'ana.
Ndinakupatsani mpando, munakana,
munaima pakhomo ngati mwana wasukulu wochedwa
kudikira kuti ndimalize kulemba.
Nkhuku yanga inadutsa pakati pa miyendo yanu,
simunaiingitse n'komwe.

Denga likudonthabe, Abusa.
Nankhoma sandiyankhula mpaka lero,
akuti ndinavula munthu wa Mulungu pagulu,
ndipo mwina m'mawu akewo muli kanthu,
sindigona nazo bwino masiku ena.
Koma dzulo mutati, "Tiyeni tiimirire,"
ndinaimirira msanga kuposa kale,
ine wa mawondo odandaula,
kabuku kali m'chikwama, kotseka,
kopepuka ngati tsamba louma.