Fumbi la pa Ovololo

Ku Siyaso amanditchula Achimwene a Mabatire.
Zaka khumi ndi chimodzi ndakhala ndikutumbula
mabatire akufa a makombi,
kukhuthulira asidi m'ngalande yotsikira ku Mukuvisi,
kusungunula mtovu m'chitini cha penti
mpaka uziti waliwali ngati ndalama yatsopano.
Mtovu umenewo ndiwo unagula bedi.
Ndiwo umalipira chipinda ku Matapi,
nsanjika yachitatu, zenera losweka
lomwe limameza utsi wa matayala m'mawa uliwonse.

Madzulo Ndaziona ankandimva ndisanaoneke,
ankadziwa kulira kwa jombo zanga pamasitepe.
Ankabwera ali dzandidzandi,
kukumbatira mwendo wa ovololo,
kukwirira nkhope pabondo langa,
kenako chala m'kamwa.
Ine kuseka.
Ndinkati mwana akulawa thukuta la bambo ake.

Chidole chake choyamba ndinapanga ndine,
galimoto yamawaya, mawilo ake zitsekerero za batire,
ziwiri zofiira, ziwiri zachikasu.
Mano atayamba kumuyabwa
anatafuna zonse zinayi.

Wakwana zaka zitatu tsopano.
Mawu ake ndi asanu ndi limodzi, ndawawerenga:
amayi, madzi, ayi, tiye, mpira,
ndi lina, atile,
lomwe tonse linatisowa tanthauzo.
Mwana wa a Marufu, khomo loyang'anana nafe,
wobadwa mwezi womwewo,
akutukwana kale m'zilankhulo ziwiri.
Wathu amangogwira mimba usiku,
kukana phala, kumenyetsa mutu kukhoma.
Nasibeko anayesa mankhwala a njoka zam'mimba,
anakagona kumiyala ya ku Epworth ndi opemphera ovala zoyera,
anafika poloza chala azakhali anga.
Mpaka lero salankhulana.

Kukiliniki Sista anamukweza mlomo,
kuyang'ana nkhama nthawi yaitali,
n'kufunsa zomwe wina aliyense sanafunsepo:
Bambo amagwira ntchito yanji?
Zovala zawo mumachapira pati?
Ndinabisa zikhadabo pakati pa mawondo.
M'beseni lomwelo, anayankha Nasibeko,
lomwe timasambitsiramo mwana.
Beseni tili nalo limodzi.

Sista sanakalipe.
Akanakalipa bwenzi ndikupuma.
Anangolemba dzina la mayeso a magazi pakapepala,
ndi mtengo wake pansi.
Ndinawerengera m'mutu: mabatire khumi ndi anayi.

Ndinasaka mdani Mbare yonse,
pomwe iye ankabwera nane kunyumba tsiku ndi tsiku,
ali phee mumsoko wa thumba,
m'tsitsi, m'ming'alu ya zidendene,
mlendo wopanda fungo, wopanda odi,
wodya pang'onopang'ono ngati chiswe m'phaso.

Tsopano ndimavulira kuseri kwa shedi.
Ovololo ndimaimanga m'jumbo ngati chinthu chakuba.
Ndimadzikhula ndi sopo wobiriwira pampopi wa a Chari
mpaka khungu kuwawa,
anzanga n'kumati Achimwene apeza chibwenzi.
Beseni lachiwiri ndinagula, labuluu.
Galimoto yamawaya ndinakaitaya ndekha usiku.

Koma utsi wa matayala sindingaumange m'jumbo.
Dothi la pabwalo pomwe ana amaumba nyumba
lili ndi zake zomwe silinena.
Ndipo ngalande ija ikadali kutsika,
kupita kwa ana a eni, omwe sindiwadziwa mayina,
kumene amayi amathirira repu ndi madzi omwewo.

Dzulo ndinalowa ndikununkhira sopo.
Ndaziona anagwira mwendo wanga, kununkhiza,
n'kubwerera m'mbuyo ngati waona mlendo.
Anafuna pansi pa bedi, kuseri kwa chitseko,
kenako anandiyang'ana, dzanja lili lotambasula.
Atile, anatero. Atile.

Ndinakhala pansi pomwepo, pakhomo.
Liwu lija ndinalimva tsopano.
Batire.

Mawa ndi Lachinayi.
Kondakitala wa ku Glen View walonjeza kubweretsa atatu.
Atsala khumi ndi limodzi.