Waya Wachitatu

Chiperoni chagona pa Thyolo masiku anayi,
makoma a wodi akuchita thukuta,
ndipo ine Namakhwa ndalowa ndi kabokosi kanga:
mita, pulayala, tepi,
ndi timapepala tomata, tobiriwira ndi tofiira.

Sindine dokotala.
Odwala anga ndi achitsulo,
amapuma magetsi, ndipo akadwala sabuula.

Sisita Mulekano anangonena modutsa,
akupukuta manja pa epuloni:
"Kabedi kotenthetsera makanda kaja kamanditsina,
koma pang'ono chabe, ngati nyerere."
Pang'ono chabe!
Nyerere yoluma chikhatho cha munthu wamkulu,
chokhakhala ndi sopo wa zaka makumi awiri,
ikafika pa khanda la kilo imodzi ndi theka,
lonyowa, khungu ngati nsonga ya tiyi,
imeneyo si nyererenso.

Ndinagwada kuseri, kumene tsache silifika.
Pulagi ili ndi mano awiri.
Lachitatu, lalitali lija, wina analizula
kuti ilowe m'kachingwe kogula pamsika wa Bvumbwe.
Sanali mfiti munthuyo, anali pa changu.
Waya wobiriwira wamizere yachikasu uli lendee
ngati mchira wa buluzi.

Waya umenewu anthu amauyesa waulesi.
Suyatsa babu, sutenthetsa kanthu,
umangokhala phee, chaka ndi chaka,
kudikira tsiku limene moto udzasochere
kuti uugwire padzanja, uuperekeze m'nthaka
usanapeze njira yachidule
yodzera pamtima pa mwana.

Mita sidziwa kunyengerera.
Nambala inalumpha malire amene buku limalola,
ndipo ndinamata chofiira.

"Nanga mwana wa Edina ndimuike pati?
Kabedi ndi komweka, bambo!"
Mawuwo anandilasa, ndipo sisita sanalakwe,
pakuti buku langa silimva kuzizira kwa Juni.
Edina wa ku Khonjeni, wothyola tiyi,
zala zakuda ndi utomoni wa masamba,
sanafunse chilichonse.
Anamasula mabatani, nalandira kamwanako pachifuwa,
sisita nawakulunga onse awiri m'zitenje,
pamwamba n'kuikapo juzi yanga yonunkha girisi.

Cha m'ma naini magetsi anathima.
Jenereta anatsokomola kawiri, kachitatu anavomera.
Tochi ndinailuma ndi mano,
ndinatsegula mimba ya kabedi
n'kupeza kuti khoswe anayamba kale opaleshoni yake:
manyi ake pakona, waya wosendedwa ngati mzimbe.
Pulagi yatsopano ndinachotsa ku wailesi ya mlonda,
anang'ung'udza, mpira unali usanathe.
Kunja, m'matope, ndinafukula ndodo ya kopa,
ndinaipala ndere mpaka inawala,
ndinamanga nati mpaka dzanja linachita dzanzi.

Kuyeza koyamba, nambala yatsika.
Sindikhulupirira koyamba.
Kachiwiri, nditatembenuza mawaya.
Kachitatu, nditakhudza chitsulo chilichonse
chimene kaphazi kangathe kugunda.
Atambala a ku malaini a esiteti atayamba kulira
ndinamatula chofiira,
ndinalemba tsiku, dzina langa, ndi mwezi wodzabweranso.

Sisita anagwira kabedi ndi kuseri kwa dzanja,
anadikira nyerere ija. Sinabwere.
"Chabwino," anatero, osandiyang'ana,
n'kupita kukayeza wina kutentha.

Mu lipoti la usikuwo analemba kuti
palibe chachilendo chinachitika.
Mzere umenewo ndimaukonda kuposa dzina langa,
ngakhale sudzandigulira ndi mtolo wa nkhuni womwe.

Juzi ndinaisiya, Edina anali m'tulo.
Ndikutuluka, m'wodi ya abambo,
ndinaona wodikirira wodwala atawerama pakhoma,
dzanja lili pa pulagi ya makina a mpweya,
lina litagwira tchaja ya foni.
"Achimwene," ndinatero, "taimani kaye,"
ndipo kabokosi ndinakaikanso pansi.