Tsinde Linakana Mlendo

Kanthambi ndinakagula ku Ulongwe tsiku la msika,
kwa Fulujensiyo wogulitsa mbande kuseri kwa chigayo,
mametikali makumi asanu, osatsitsa.
Anati: uyu ndi peyala wa kumalo ozizira,
osati wamafuta uja wodyera mchere,
uyu ukaluma madzi amatsikira m'chigongono.
Ndinakakulunga m'nsanza yonyowa,
ndinakaika pachifuwa njira yonse ya ku Domwe,
shapa ikudumpha m'maenje, ine dzanja lili pamalaya
ngati wobisa kalata ya eni.

Unali Ogasiti, mwera ukadali ndi mano.
Ndinanola mpeni mpaka unameta ubweya wa pamkono,
ndinadula tsinde pa msinkhu wa bondo,
ndinaling'amba pakati, ndinasongola mlendo mbali ziwiri,
khungwa kugundana ndi khungwa
monga anandionetsera ndi zala zake zakuda ndi utomoni.
Ndinamanga ndi pulasitiki wa thumba la shuga,
ndinadontheza kandulo pabala.
Ndinawakwatitsa ndekha, popanda ankhoswe.

Sabata yoyamba, zii.
Yachitatu diso limodzi linatupa,
ndinaitana Selesitina kuchoka kudimba kuti adzaone.
Anabwera manja ali matope, anawerama,
anati: kodi mwandiyendetsera chimenechi?
Yachisanu diso linada.
Ndinakanda khungwa ndi chikhadabo,
mkati mofiirira, mouma ngati fodya wa pachigafa.
Sindinauze munthu.
Ndinkadutsa pamenepo nkhope ili kumbali
monga umadutsira pakhomo pomwe uli ndi ngongole.

Mlamu wanga Zakewu anati zula,
malowo akwana mapando asanu a kachewere,
kachewere sanamiza munthu, miyezi itatu ndalama m'thumba.
Khasu ndinalitenga. Sindibisa, ndinalitenga.

Koma pansi pa mfundo, pomwe sindinkayang'anapo,
tsinde linali litayamba kale zake:
mphukira zisanu ndi ziwiri, zofiira kunsonga,
zothinana ngati ana pakhomo la kalasi,
zina zotumphuka m'dothi mwenimweni.
Masiku onse ndinkalira mlendo,
mwini nyumba akumwa madzi anga mwakachetechete.

Ndinatsamiritsa khasu, ndinatulutsanso mpeni.
Zisanu ndinadula, zanthete, zikudontha misozi.
Ziwiri ndinasiya, ndinazimangirira ku nsungwi,
ndinatchinga ndi minga
poti mbuzi za a Nabiyeni sizinaphunzire malire.

Fulujensiyo nditamuuza anaseka mpaka kutsokomola:
tsinde limenelo ndi lamtchire, achimwene,
zipatso zake timaso ta nkhuku, tolimba, tomanga lilime,
nkhumba yomwe imayamba yaganiza.
Mudzabwere chaka chamawa, ndidzakupatsani pa theka la mtengo.
Ndinati: theka la mtengo ndili nalo kale kunyumba,
ndilo lili moyo.

Ndidzapita ndithu.
Mphukira yakumanja ikadzanenepa ngati chala changa chamkombaphala
ndidzainolera mpeni, ndidzayesanso,
mwina dzanja silidzanjenjemera ngati poyamba,
mwina ndinachedwa ndi sabata, mwina kandulo anatentha,
mwina mlendo anafera m'shapa momwe
ine ndikumuteteza.
Palibe adzandiuze.

Koma yakumanzere sindidzaikhudza.
Imere minga yake, ichedwe zaka zake,
zisanu kaya zisanu ndi zitatu, ndikadzakhalapo,
ibale timaso tomwe akunenato.
Ndikufuna ndidzalume kamodzi,
ndikwinye nkhope pamaso pa Selesitina, iye andiseke,
ndidziwe m'kamwa mwanga
chinthu chimene ndinachidula mutu
ndi kuchiuza kuti chilere mwana wa eni,
icho osayankha, kungozika mizu.

Lero nkhungu yatsika kuchokera kuphiri mochedwa.
Yakumanzere yapitirira inzake ndi masamba atatu.
Zakewu wadutsa ndi matumba a kachewere pangolo,
wakweza dzanja, sanafunse.
Pulasitiki uja wasuluka, dzina la shuga lafufutika,
Selesitina wamumasula m'mawa uno
akuti akamangire tomato kudimba.