Pakhomo la Chinjoka

Lachinayi lililonse timakumana kwa Mitsue,
kanyumba komwera khofi kuseri kwa siteshoni ya Sendai,
amuna atatu a imvi ndi tivi yakale ya chimsana
imene mwini wake amakana kutaya.
Usiku umenewo chipale chofewa chinali chitatseka misewu,
ndiye panalibe wothawa pamene ndinatsegula pakamwa.

Ndinati: ngwazi yanu ija ndi mbala.
Imalowa m'nyumba za anthu osaodira,
kuswa mitsuko, kufwanyula m'madirowa,
mwininyumba ali chilili pambali pa bedi
kubwereza mawu omwewo onena za mphepo ya kumpoto.
Tsutomu anamenyetsa kapu patebulo.
Ati dziko likutha, munthu n'kumawerenga mitsuko?
Ndinati amene anaiumba amaiwerenga.

Poti ndinali nditayamba kale, ndinapitiriza.
Chinjoka sichinandikokepo mtima.
Ine ndimakonda makoswe a m'dambo loyamba,
kupha omwewo maola atatu,
batani limodzi, chala chitachita dzanzi,
mpaka makobidi akwane chishango chachikopa.
Inu mumati kutaya nthawi.
Ine ndasanja njinga za anthu pasiteshoni zaka makumi atatu,
ndipo gemu ija ndi malo okhawo
amene kubwereza chinthu chimodzi kunandikwezako.

Hideharu anaseka mpaka kutsamwa.
Iyeyu amalumbirira zimene anazikonzanso masiku ano,
nkhope zosalala, tsitsi louluka ndi mphepo,
mawu a anthu enieni.
Ndinamuuza kuti mtsikana wochiritsa uja
ankakongola nkhope yake ili timadontho tinayi,
zotsalazo ndinkajambula ndekha m'mutu.
Pano anam'patsa mphuno ya munthu wina, sindimudziwa.
Ndipotu ngwazi ndi iyeyo, osati wa lupangayo.
Amaima kumbuyo, kudzutsa akufa,
kanyimbo ka chipambano kakamalira
palibe womucheukira.

Mitsue, akupukuta mbale, anangofunsa:
Nanga mathero ake munawaona bwanji?

Ketulo inalira, inalira.

Sindinamalize.
Zaka makumi atatu ndi zinayi, sindinamalize.
Katiriji ili m'bokosi la nsapato pamwamba pa kabati.
M'thumba la ngwazi muli mabotolo a mankhwala
amene sitinamwepo ndi limodzi lomwe,
tinkasungira tsiku loipa.
Gulu lonse laima pakhomo lomaliza,
miyuni iwiri ikuphethira uku ndi uku.
Dzina la ngwaziyo si langa.
Analemba ndi mng'ono wanga Shohei,
gemu inkalola zilembo zinayi zokha
ndiye chomaliza chinaduka, analira madzulo onse.
Tinapangana kuti tidzalowa limodzi Loweruka.
Lachisanu anamugoneka m'chipatala.

Tsono ndinati, ili ndiye ganizo langa loipitsitsa:
gemu imakoma ikakhala yosatha.
Chinjoka chikali moyo, dziko likali pangozi,
ndipo mnyamata wa dzina loduka
akali chiimire, lupanga m'manja, osakalamba.

Tsutomu anayang'ana m'kapu nthawi yaitali.
Iyeyu amakonza mawailesi, sadziwa kunama.
Ati kabatire ka m'katiko kanayenera kufa kalekale,
kako kakukhalira chisomo.
Ndikhoza kukuikira katsopano,
koma ndikangochotsa kakale zonse zifufutika.
Ndinati ndikudziwa.
Chaka chilichonse pa Nyuwere ndimayatsa,
ndaona dzina, ndazimitsa.

Tinatuluka sitima yomaliza itapita kale.
Hideharu anandibwereka ambulera osanena kanthu.
Tinayenda mondondozana m'chipale chofika m'akakolo,
atatu, wina kumbuyo kwa mnzake,
monga amayendera anthu a m'magemu aja.
Pamphambano Tsutomu anatembenuka,
mpweya ukutuluka woyera m'kamwa,
ati koma za mitsuko zija ndiye walakwa.