Zala za Gedaliya

Bambo ankanunkha mtovu ndi anyezi.
M'chipinda chapansi ku Odessa, kuseri kwa msika wa nsomba,
ankatola zilembo chimodzichimodzi
n'kuzindandalika chadodolido
kuti papepala zikaime chilili.

Lachiwiri, Chiheberi,
chinenero chovala jekete la Sabata,
chopanda liwu loti sitima yapamtunda.
Ankalisaka m'mabuku a aneneri
mpaka kandulo kutha psiti.
Lachinayi, katsamba ka Chiyidishi.
Arabi ankati n'chinenero cha kukhitchini.
"Eya," bambo ankatero, "n'komwe kuli anthu."

Mzondi wa boma ankabwera ndi pensulo yofiira.
Mizere isanu ndi iwiri yonena za njala ya kumidzi, khwatchu!
Bambo anasiya malowo ali mbee,
tauni yonse inawerenga kuyerako.

Zoikapo makandulo za amayi zinapita kwa wapinyolo
kukagula mapepala.
Sizinabwerere.
Amayi sanawalankhule mpaka Pasika.

Olembetsa mazana atatu. Olipira, musafunse.

Tsiku lina ndinaona Mayi Zlate
akukulunga nsomba yamchere m'tsamba lathu loyamba.
Dzanja linaima m'malere,
milomo ikugwedera,
wogula akudikira ndi khobidi lake:
ankawerenga.
Ndinathamanga kukawauza bambo.
Sanadzutse mutu.
"Brayne, tandipatsa alefu,
atha m'bokosi muno."

Atamwalira, amuna owasambitsa
anakhula, anakhula,
koma zala zinakana kuyera.
Anapita nazo choncho kumanda,
ine n'kutsala ndi nyuzipepala ya Lachinayi
yoyembekeza mzere womaliza.