Tsumba ndi Dazi

Kuseri kwa nyumba yathu ku Gloucester,
kumene mvula sitopa ngakhale mu Juni,
abambo anali ndi kanyumba kamatabwa,
makola makumi atatu, ndi wailesi yolira mokhosomola.
Mkatimo munali timbalame ta kanari,
tonenepa ngati chibakera cha khanda,
tsumba litagwera m'maso
ngati wina anativeka mbale kumutu n'kumeta zotsalira.

Ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi ndinati,
"Tiike atsumba awiri m'khola limodzi,
ana awo atuluke ndi tsumba lofika kumapazi."
Iwo anavula kapusi, n'kukanda dazi.
"Iyayi, Bryony. Tsumba pa tsumba ndi maliro.
Pa mazira anayi, limodzi limangozizira.
Watsumba amafuna mnzake wamutu wamba."
Anasuzumira panja, pomwe amayi ankayanika zovala,
tsitsi lawo lofiira likulimbana ndi mphepo,
ndipo anaseka okhaokha.

Novembala akafika tinkanyamula timakola takuda
kupita ku holo ya tchalitchi,
konunkha tiyi ndi majekete onyowa.
Bambo Pargeter, woweruza, ankawerama,
magalasi ali pansonga ya mphuno,
kufuna pakati pa tsumba, kadontho ngati diso la singano,
nthenga zonse zitayala mozungulira, popanda yopanduka.
Abambo ankaima patali, manja m'matumba,
ngati si awo.
Riboni yofiira inabwera kawiri kokha.
Ina inadyedwa ndi mbewa.

Anatisiya mu Febuluwale, mbalame zisanamange zisa.
Anandisiyira kiyi, thumba la mbewu latheka,
ndi kabuku kolembedwa ndi pensulo:
uyu ndi mwana wa uyu, uyu asakumane ndi uyo,
nambala za timphete takumiyendo,
zaka makumi anayi za maukwati opanda mbusa.
Patsamba lomaliza analemba mawu atatu,
"Sikisi amaopa magetsi."

Ndiye m'mawa uno ndalowa mumdima, ndikupapasa,
chisanu chikuluma zala.
Atsumba ali phee, sandiona bwino,
kukongola kwawaphimba maso.
Koma Sikisi, wamutu wosalala uja,
amene Bambo Pargeter sanamuyang'anepo kawiri,
wapendeketsa mutu, wandiyeza ndi diso limodzi,
waona kuti kapusi ndi yomweyo koma munthu ndi wina.
Wakhala chete kanthawi.
Kenako khosi latupa, wayamba.
Ndaiwala chomwe ndinabwerera,
ndowa yamadzi ili m'manja.