Botolo la pa Shelefu Yachitatu

Ine si mphunzitsi, ndine wotsegula labu.
Makiyi amalira m'thumba la jasi langa loyera
lomwe linasiya kuyera kalekale.
Ndimafika ana a ku Chilobwe asanatsike minibasi,
phiri la Soche likadafunda nkhungu.

Pa shelefu yachitatu, kuseri kwa maasidi,
pali botolo la bulauni lotseka mothina.
Potaziyamu ayodayidi.
Dzina lodzaza m'kamwa ngati chimanga chokazinga,
koma ukatsegula ndi timibulu toyera basi,
wosadziwa akhoza kuthira m'ndiwo.
Sakondwa ndi dzuwa, sakondwa ndi chinyontho.
Ukamuiwala pamtunda masiku a chiperoni
amayamba chikasu pang'onopang'ono
ngati mano a munthu wa fodya.

Ayodini payekha ndi wamakani.
Muponye m'madzi, amangogona pansi, wakuda,
mlendo wokana kulowa m'nyumba.
Uthireko kasupuni ka uyu,
ugwedeze,
madzi asanduka tiyi wopanda mkaka.
Uyu ndi nkhoswe, ndimawauza a Fomu 2,
amagwira wokanayo padzanja n'kumulowetsa.

Lachitatu lapitali a Chipofya anapita kumaliro,
ndinaima kutsogolo ndekha, choko chikunjenjemera.
Elufe anapereka chinangwa chake cha pa buleki.
Dontho limodzi,
pamenepo bii, ngati inki ya kalata yakale.
Pa dzira lophika la Ganizani
dontho linangokhala, losowa chonena.
Kenako ndinatenga madzi awiri oyera mbee,
ena a iye, ena a mtovu,
n'kuwakumanitsa m'galasi limodzi.
Chikasu chinabuka ngati wina waswa dzuwa.
Kalasi yonse: Iii!
Wina kumbuyo: Sala, izi ndiye zitsamba!
Ndinati musanyambite zala,
mtovu sudziwa nthabwala.

Sindinawauze za azakhali anga a Nasiyaya,
ogulitsa tomato mumsika wa Limbe,
omwe ankamanga mpango m'khosi ngakhale mu Okutobala.
Pansi pa mpangowo panali chithokomiro,
chinayamba ngati ndimu, n'kufika ngati papaya.
Ena ankati anameza mawu a apongozi,
ena ankati anadya ndalama za chipeleganyu.
Kwaya anasiya.
Pa chithunzi cha ukwati wanga aima kumapeto,
chibwano chili pachifuwa.

Dokotala wa ku Kwinzi anagwiragwira khosilo
n'kunena kuti thupi likufuna kanthu kochepa,
kochepa zedi,
koti ka moyo wonse wa munthu
sikangadzaze supuni ya tiyi.
Azakhali anaseka mpaka kutsokomola:
zaka zonsezi, supuni?
Mchere wawo unali wa pamulu, wotsika mtengo,
wopimidwa ndi kachitini ka tomato.

Akuti kumayiko a magetsi a nyukiliya
amasunga mapiritsi a iye m'madirowa,
kuti tsiku la ngozi khosi likhute msanga,
poizoni akafika apeze malo atatha.
Kuno magetsi athu akafuna kutiopseza amangozima.
Ngozi yathu sinkalira ngati bomba,
inkakula mwakachetechete pansi pa mpango.

Masiku ano pa okala ya ku Zingwangwa
ndimatembenuza paketi ya mchere ndisanalipire,
kufunafuna dzina la m'bale wake pa timalemba.
Mnyamata wogulitsa amati, bambo, mchere ndi mchere.
Ndimangomupatsa ndalama.

Belu lalira.
Ndatsuka magalasi, madzi a mtovu ndasunga padera.
Chinangwa cha Elufe chatsala pa benchi
ndi diso lake lakuda.
Ndathinitsa chivindikiro kawiri,
pakuti kunja chiperoni chayambanso,
ndipo pa chala changa chachikulu
pali banga la bulauni
lomwe sopo wa sukulu walilephera.